Timatabwa ta aphunzitsi a ku Doornfontein

Kachithunzi koyamba kamene ndinagula kwa bambo amenewa n'kakang'ono kuposa mbale ya ndiwo. Ndi kathabwa ka masentimita 15 mbali zonse, ndipo anapentapo ketulo yakuda bii ndi mwaye ili pa mbaula, kumbuyo kwake khoma la zidina. Ndinakaona mu Malichi ku Victoria Yards, ku Lorentzville kuno ku Joni, pa msika umene umachitika Lamulungu loyamba la mwezi. Ine ndi mwana wanga wamkazi tinangopitako kukawongola miyendo titaweruka ku tchalitchi, poti kuchokera ku Bertrams kumene timachita lendi ndi ulendo wapansi. Ndikuyang'ana ketuloyo ndinamva mwini tebulo akuyankhula pa foni: "Ya feteleza nditumiza mawa, auzeni amayi asadandaule." Ndinadikira kuti amalize, n'kuwapatsa moni wa kwathu. Anaseka, nandifunsa kuti ndine wa boma liti. Ketuloyo anaiika pa R350, ine ndinali ndi R300 yokha m'kachikwama, ndipo anati, "Tengani achemwali, yotsalayo mudzabweretsa tsiku lina." Ndinakapereka sabata yotsatira ku chipinda chimene amagwiriramo ntchito, ndipo kumeneko ndi kumene ndinapeza anthu asanu atazungulira tebulo, aliyense burashi ili m'manja.

Kuyambira mu Epulo ndakhala ndikupita kumeneko kukaphunzira kupenta pafupifupi Loweruka lililonse. Amayi anzanga a kumpingo akhala akundifunsa ngati n'zinthu zoti munthu wogwira ntchito ya m'nyumba ngati ine angatayirepo ndalama, choncho ndaganiza zolemba zonse pamodzi, zabwino ndi zokhota zomwe. Dzina lawo sindiika pano, amene akufuna andifunse ku mbali. Tonse timangowatchula kuti aphunzitsi, ana amati ankolo.

Kwawo ndi ku Dedza, kufupi ndi mapiri a Chongoni. Kupenta anayambira ku Senga Bay ali mnyamata, kugulitsa kwa alendo odzaona nyanja: bwato, dzuwa likulowa, amayi atatu atasenza mitsuko. Amanena okha kuti chithunzi chimodzimodzicho anachipenta kambirimbiri mpaka dzanja linkachita lokha, maso ali kwina. Atabwera kuno ku Joni anagwira maganyu openta nyumba ku Randburg ndi ku Fourways, kenako ankalemba zikwangwani za masaluni ndi timashopu ta ku Yeoville. Pa malo omanga nyumba akalipentala amataya tizidutswa ta matabwa, ndipo m'zitini mumatsalira penti wa pansi. Iwo ankatola zimenezo, madzulo n'kumapenta chimene chili pamaso pawo m'chipinda chogona: kandulo, nsapato za ntchito, theka la buledi. Ung'ono wa zithunzi zawo unayambira pamenepo, pa kusowa. Koma lero, ngakhale ali ndi malo okwanira chinsalu chachikulu, sasinthanso.

Malowo ndi chipinda chimodzi m'nyumba yakale ya fakitale ku Doornfontein, pa nsanjika yachinayi. Pansi pali osoka makatani, pena wokonza mipando, ndipo fungo la guluu limakulandirani pa masitepe. Zenera ndi lalikulu, la zitsulo, ndipo limayang'ana kumpoto. Mukaima pamenepo mumaona Ponte, chinyumba chozungulira cha nsanjika 54 chija, ndi nsanja ya Hillbrow cha kumanzere. Khoma limodzi lonse anakhomapo timashelefu topyapyala, ndipo timatabwa tomalizidwa tandandalika pamenepo ngati tomato pa benchi ya pamsika. Ndinayesa kuwerenga tsiku lina, ndinalekera pa 90. Pali matekisi a pa renki ya Noord m'bandakucha, mayi wowotcha chimanga pa mgolo wodula pakati, chipewa cha mlonda chili pa mpando wapulasitiki, njiwa pa waya, nkhokwe, chigayo, mlambe. Za kuno ndi za kwathu zasakanikirana, palibe chimene anachiika pamwamba pa chinzake.

Tsiku lawo limayamba 7 koloko. Lamulo limene anadziikira n'lakuti kathabwa kamodzi kathe tsiku lililonse asanadye nkhomaliro, kaya kakoma kaya kakanika. Masana ndi a ntchito imene ogula saiona: kupala m'mbali mwa matabwa ndi sandipepa, kupaka gesso, amene ndi penti woyera wokhakhala amene amachititsa kuti utoto ugwire, kudikira aume, kupakanso kachiwiri, kujambula zomalizidwa ndi foni pafupi ndi zenera, kuyankha mauthenga, kukulunga zotumiza. Bolodi amagula yathunthu ku hadiweya, ya mamita 2,4 m'litali ndi 1,2 m'lifupi, n'kuidulitsa konko. Bolodi imodzi imatulutsa timatabwa toposa 100. Anandiwerengera masamu ake tsiku lina tikumwa tiyi: chithunzi chachikulu chimadya penti wambiri ndi masabata atatu, ndiye chikapanda kugulidwa lendi yafika pakhosi. Mukachipereka ku nyumba zogulitsira zithunzi, iwo amatengapo gawo lawo, nthawi zambiri pafupifupi theka. Pamene kakang'ono munthu amagula osakafunsa kaye kunyumba, amakaponya m'chikwama, mlendo wa kunja amakalowetsa mu sutikesi pakati pa malaya. "Geni ya tomato imeneyi, achemwali," anatero. "Mulu umodzi umodzi."

Ine chimene chinandigwira mtima n'china. Ife ambiri kuno tikukhala m'chipinda chimodzi, ena chogawa ndi katani. Khoma si lathu, landilodi safuna misomali, ndipo sitidziwa kuti chaka chamawa tidzakhala kuti. Chithunzi chachikulu n'cha munthu amene wakhazikika. Kathabwa aka kamaima pawindo, pamwamba pa fuliji, ndipo tsiku losamuka kamalowa m'thumba limodzi ndi pasipoti. Ketulo yanga ija ili pa shelefu pakati pa chitini cha shuga ndi Baibulo, ndipo m'mawa uliwonse ndikamatereka madzi a tiyi pa sitovu ya magetsi ndimaiona.

Kalasi imayamba 10 koloko mpaka 1 koloko, ndipo timalipira R200 munthu mmodzi, ana R100. Penti, maburashi, kathabwa, tiyi wa rooibos ndi magwinya zili momwemo, ndipo chimene mwapenta mumapita nacho kwanu. Amene amadziwa mitengo ya makalasi otere ku Parkhurst kapena ku Rosebank avomereza kuti pamenepa palibe chodandaula.

Tsiku langa loyamba anaika pa tebulo kapu yachitsulo yoyera ya mlomo wabuluu, yonga imene agogo amamwera thobwa, ndi theka la ndimu pambali pake. Anazimitsa getsi la m'chipinda kuti kuwala kuchokere pa zenera pokha. Pa mbale yanga anafinyapo mitundu isanu basi: titanium white (woyera), yellow ochre (wachikasu chonga cha dothi), burnt sienna, ultramarine ndi kofiira pang'ono. Ndinafunsa kuti wakuda ali kuti, nanga mthunzi ndipenta ndi chiyani? Sanayankhe. Anatenga ultramarine, amene ndi buluu wozama, nasakaniza ndi burnt sienna, amene ali ngati dothi la katondo lonyowa, ndipo pamaso panga panatuluka mtundu wakuda wofewa, wosafanana ndi wa m'chitini. Akawonjezera buluu umazizira, akawonjezera katondo umafunda. Kenako anati tiyambe tapaka kathabwa konse ndi katondo wosungunula ndi madzi, kuti kuyera kwa gesso kusatinamize maso.

Ndinayamba ndi mlomo wa kapu, kachingwe kabuluu kaja, ndi kaburashi kakang'ono kwambiri kamene ndinakapeza m'chitini. Anabwera kumbuyo kwanga, nandilanda kaburashiko mwaulemu, n'kundipatsa yaikulu yaphwatalala, yotambalala ngati chala chachikulu. "Musapente kapu, achemwali. Tsinzinani pang'ono, mpaka kapuyo isowe. Mukuona chiyani?" Ndinatsinzina mosiya kampata. Zoona, mlomo wabuluu unasowa, chogwirira chinasowa, panatsala zigawo zitatu: powala, pakatikati, ndi pamdima. Ndipo mbali ya kapu yoyang'ana ndimu sinali yoyera ayi, inali ndi kachikasu kofooka kochokera ku ndimulo. Mthunzi wa pa tebulo sunali wakuda, unali wabuluu wopita ku mtundu wa biringanya. Zaka zonsezi ndatsuka makapu a anthu osawerengeka, ndawapukuta, ndawaika m'makabati, koma ndinali ndisanaonepo kuti chinthu choyera chimabwereka mtundu kwa chimene chayandikana nacho. Ndinakhala chete nthawi ndithu burashi ili m'mwamba. Aphunzitsi anangoti, "Eya, pentani chimenecho," napita kwa wina.

Kaphunzitsidwe kawo konse kagona pamenepo. Salankhula zambiri, ndipo sakupatsani chithunzi cha munthu wina kuti mukopere. Chinthu chenicheni chimakhala pa tebulo: anyezi, loko ndi kiyi, chitenje chopinda, nsomba zouma za usipa pa nyuzipepala. Nthawi zina amatchera wotchi ya pa foni mphindi 20, ikalira aliyense asiye, atenge kathabwa kena ayambirenso chinthu chomwecho. Poyamba zinkandipweteka mtima kusiya chosatha. Kenako ndinaona kuti chachitatu chimatuluka chamoyo kuposa choyamba chimene ndinachisisita ola lathunthu. Amakonda kunena kuti kathabwa kakang'ono sikasunga bodza, chifukwa palibe malo obisapo. Pa chinsalu chachikulu munthu akhoza kudzaza maluwa ndi mbalame kuti anthu asaone kuti mwendo wa mpando wakhota.

Timagwiritsa ntchito acrylic, penti wosungunula ndi madzi, chifukwa wa mafuta amatenga masiku kuti aume ndipo fungo la tapentaini silingayenere chipinda chokhala ndi ana. Koma acrylic ali ndi khalidwe lake. Amauma msanga, makamaka kuno kumene tili pamtunda wa mamita oposa 1 700 ndipo mpweya wa m'nyengo yozizira ndi wouma gwa. Mu Julayi mukafinya penti pa mbale n'kutembenuka kuyankha moni, mupeza wachita kale khungu. Aphunzitsi anatisonyeza njira yotchipa: chivindikiro cha kontena ya ayisikilimu, pansi kuyala kansalu konyowa, pamwamba pepala lophikira makeke, penti n'kufinyira pa pepalapo. Amakhala wofewa mpaka madzulo. Chinanso, acrylic akauma amada pang'ono kuposa mmene anaonekera ali wonyowa, ndiye powala pamafunika kuwonjezera kuyera kuposa mmene diso likufunira. Maburashi amatsukidwa ndi sopo wamtanda wobiriwira nthawi yomweyo, ndipo pa chimenechi pokha ndi pamene ndinawaonapo atakwiya, mnyamata wina atasiya burashi itaima m'madzi mpaka tsitsi lake linapindika.

Mwana wanga ali ndi zaka 12, anabadwira ku Ntcheu koma anabwera kuno ali wa kumsana. Chichewa amamva, koma poyankha amathawira ku Chizungu kapena Chizulu cha kusukulu. M'chipinda muja aphunzitsi amamuyankhula Chichewa chokhachokha. "Iwe, tabweretsa chikasu." "Mthunziwo wagwera kuti?" Mu Ogasiti ndinamumva akuuza kamnyamata kena kuti, "Usathire madzi ambiri, ufufuta." Mawu amenewo sindinamuphunzitse ine. M'kalasimo simukhala Amalawi okha. Mumabwera mayi wa ku Bulawayo amene ndi namwino, mtsikana wa ku Soweto wophunzira pa yunivesite, ndi bambo wachikulire wachizungu wa ku Kensington amene anayamba kupenta akazi ake atamwalira. Aphunzitsi amasinthasintha ziyankhulo mosavuta, koma akafika pa ife amabwerera kwawo.

Pa nthawi ya tiyi amatulutsa mabuku awiri atatu ong'ambika zikuto. Ndi mmene ndinadziwira za Gerard Sekoto, amene anapenta misewu ndi mabwalo a Sophiatown boma la tsankho lisanagwetse malowo. Chithunzi chake cha nyumba zachikasu chinagulidwa ndi Johannesburg Art Gallery mu 1940, choyamba cha munthu wakuda kulowa m'nyumba imeneyo, ndipo iye anapita ku Paris mu 1947 osadzabwereranso. Aphunzitsi amaloza khoma lachikasulo m'bukumo n'kunena kuti taonani, munthu uyu anangopenta msewu umene ankayendamo. Amatchulanso David Koloane, mmodzi mwa amene anayambitsa Bag Factory ku Fordsburg mu 1991 kuti ojambula akuda apeze zipinda zogwiriramo ntchito mkati mwa mzinda. Koma nkhani imene amaikamba maso akuwala ndi ya kwawo. Ku Chongoni kuli malo 127 a zojambula za pa miyala, zofiira zakalekale za Akafula ndi zoyera za Achewa zokhudza chinamwali ndi gule, ndipo UNESCO inawaika m'kaundula wake mu 2006. Ali mwana ankadyetsa mbuzi pafupi ndi mapanga amenewo. Amati amene amanena kuti kupenta n'kwa azungu sanakwerepo phiri la kwawo.

Kugulitsa ndinakuonera pafupi mu Seputembala, pamene akazi awo anadwala ndipo ndinadzipereka kukawathandiza pa tebulo ku msika wa Lamulungu wa ku Rosebank, umene umachitikira pamwamba pa malo oimika magalimoto. Tinanyamuka 6 koloko ndi makatoni awiri a nthochi odzaza timatabwa, chilichonse chokulungidwa m'pepala. Mpaka 11 koloko palibe anagula. Anthu amaima, kunyamula, kunena kuti n'zokongola, kujambula ndi foni, n'kupita. Aphunzitsi sadandaula, amatulutsa kathabwa n'kuyamba kupenta pomwepo, ndipo ndinaona kuti anthu amaunjikana pamene burashi ikuyenda. Mayi wina wa ku Germany anatenga titatu nthawi imodzi, tekisi, chimanga ndi njiwa, nalipira ndi khadi pa kamakina kaja. Pofika madzulo tinali titagulitsa 9. Mukachotsapo ya malo, ya galimoto yobwereka ndi ya chakudya, yotsala si yoti munthu n'kuimbira nthungululu, ndipo amati masabata ena amabwerera ndi makatoni ali chodzazire. Makalasi a Loweruka ndi amene amalipira lendi ya chipindacho. Zina amagulitsa pa Instagram ndi pa WhatsApp, n'kutumiza pa kampani zonyamula maphukusi.

Pano ndiyankhule ndi a kwathu. Tsiku lomwelo panabwera bambo wina wovala bwino, atamva Chichewa anasangalala, kenako anayamba kunenerera kachithunzi ka R400 kuti apereke R100, ati "kathabwa komweka?" Zinandiwawa. Munthu yemweyo sanganenerere mtengo wa nsapato mu shopu ya ku Sandton. Kathabwako n'kotchipadi, koma pali zaka makumi awiri za diso ndi m'mawa wathunthu wa munthu. Aphunzitsi amatsitsira okha amene aona kuti akufunadi koma zavuta, monga anandichitira ine. Kuwapanikiza chifukwa choti ndi wakwathu n'kuwadyera masuku pamutu.

Tsopano zokhota, chifukwa zilipo. Nthawi sasunga. Kalasi ya 10 koloko kangapo yayamba cha m'ma 11, ife titaima pa khonde, iwo akuchokera kokatumiza phukusi kapena kokagula gesso. Kwa munthu amene Loweruka ndi tsiku lake lokhalo lochapa ndi kukagula zapakhomo, ola limenelo n'lalikulu. Amapepesa ndipo amawonjezera nthawi kumapeto, koma si onse angathe kutsalira. Chikepe cha m'nyumbamo chinafa kalekale, ndiye ndi masitepe mpaka nsanjika yachinayi, ndipo mayi wina wa vuto la mawondo anabwera kamodzi kokha. Mu Juni ndi Julayi m'chipindamo mumazizira koopsa, simenti pansi, mphepo ikulowera m'mazenera, hita imodzi yokha, ndipo magetsi akazima ngakhale tiyi palibe. Valani masokosi awiri. Tebulo ndi la anthu asanu ndi mmodzi, koma tsiku lina tinalipo khumi, zigongono zikugundana, madzi otsukira burashi anatayikira pa ntchito ya mnzathu. Ndinawauza kuti aziika malire, anthu azilembetsa pofika Lachinayi. Anavomera, ndipo mwezi wathawu zakhala bwinoko. Dera lakenso ndi loti muyende masana, foni ili m'thumba, ndipo ngati mukubwera ndi ana muwaperekeze mpaka m'mwamba.

Chimene chinandivuta kwambiri n'china. Aphunzitsi akaona kuti mwasokera, dzanja lawo limayabwa. Amatenga burashi yanu, kukhudza kawiri katatu, ndipo chithunzi chija chimadzuka nthawi yomweyo. Koma sichikhalanso chanu. Zinandichitikira pa anyezi amene ndinalimbana naye maola awiri. Nditafika naye kunyumba mwana wanga anati, "Amayi, apa ndi pa ankolo," akuloza malo enieniwo. Sabata yotsatira ndinalimba mtima. Ndinati, "Aphunzitsi, chonde muzindisonyeza pa kathabwa kena, kangaka musamakakhudze ngakhale kaipe." Anakhala kaye chete, kenako anati, "Mwanena zoona, achemwali. Ndinazolowera kukonza makoma a anthu." Kuyambira pamenepo amayenda ndi kathabwa kawo koyeserera m'thumba la epuloni. Kwa ena amaiwalabe, ndiye ngati inunso simufuna, nenani poyambirira.

Amalandiranso maoda. Mu Ogasiti ndinawapatsa chithunzi cha pa foni cha nyumba ya amayi anga ku Tsangano, chimene mlongo wanga anajambula dzuwa lili paliwombo, chosaoneka bwino, denga la malata likuthobwa m'maso. Ndinkafuna kuti chikafike pa tsiku limene bambo anatisiya. Anati masabata awiri, R500. Anandifunsa mafunso amene sindinawayembekezere: khomo limayang'ana kuti, dothi la pabwalo ndi lofiira kapena lotuwa, amayi amakonda kukhala pati madzulo, mtengo wa pambaliwo ndi wa pichesi kapena wa mango. Masabata awiri anakhala asanu ndi limodzi, tsiku lija linadutsa, ndipo ndinakhumudwa kwambiri. Chitatha anachipaka vanishi n'kuchikulunga msanga mu nyuzipepala chisanaumitsitse, moti pofika kunyumba zilembo zinali zitamatirira pa thambo. Ndinabwerera nacho misozi ili m'maso. Sanatsutse chilichonse. Anapala thambolo, analipentanso, anachisunga masiku anayi kuti chiume, ndipo anakana kulandira R200 imene inali itatsala. Choncho ngati mukufuna oda ya tsiku lodziwika, perekani miyezi iwiri isanakwane, ndipo muwakumbutse.

Koma chithunzicho. Sanapente dzuwa la paliwombo la pa foni lija. Anapenta cha m'ma 4 koloko madzulo, mthunzi wa nyumba utatalika kufika pa mtondo, khoma la kumadzulo lili ndi kuwala kwa chikasu, phiri kumbuyo lili buluu wotuwa ngati mmene limaonekera nyengo ya chisanu. Pa khonde anaikapo kadontho kamodzi kofiira ndi kena koyera pamwamba pake, osaposa njere ya nyemba. Palibe nkhope, palibe manja. Koma aliyense wa kwathu amene ndamusonyeza amati, "Amayi awo ali pakhondepo."

Panopa ndili ndi timatabwa 23 tanga, tina tabwino, tambiri ta pakatikati, ndipo ndinagula machubu anga asanu ndi maburashi awiri kuti ndizipenta Lachitatu usiku mwana akamalemba za kusukulu. Ndakhala mu mzinda uno zaka 11, ndipo zambiri mwa zaka zimenezo ndayenda maso ali pansi, kuopa akuba, kuopa kufunsidwa mapepala, kuthamangira tekisi. Mwezi wa Okutobala uno majakaranda atachita maluwa ku Parkview kumene ndimagwira ntchito, ndinapezeka nditaima pa ngodya ya msewu nditatsinzina pang'ono, ndikudzifunsa kuti pamenepa pafunika ultramarine wochuluka bwanji ndi kofiira kochuluka bwanji, ndipo bwanji maluwa ogwera pa tala akuoneka ozama kuposa a m'mwamba. Milu ya dothi la m'migodi imene timaiona tikamapita ku Soweto, imene agogo anga aamuna anathandiza kuiunjika pa nthawi ya Wenela, ndi yellow ochre wothira woyera, ndipo dzuwa likamalowa imasanduka pinki. Aphunzitsi akuti Loweruka likubwerali titengere matabwa panja, tikakhale pansi pa mitengo ya ku Kensington maluwa asanathe kuyoyoka.

Nyumba ya amayi ija ndinaitumiza ndi transipota wa kumpingo kwathu amene amanyamuka pa Park Station, nditaikulunga m'chitenje chatsopano pakati pa mabulangete awiri. Inadutsa pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete, n'kulowa pa Dedza, masiku atatu pa msewu, ndipo inafika yosakalika pena paliponse. Mlongo wanga ananditumizira mawu a amayi pa WhatsApp. Poyamba kukumveka nkhuku ndi mphepo, kenako iwo: "Mwanawe, ameneyu anabwera liti kuno osandipatsa moni?" Akuti anachotsa kalendala ya sitolo ya feteleza imene inakhala pa msomali wa pabalaza zaka zitatu, napachikapo kathabwako. Kumapeto kwa uthengawo anati ndiwauze aphunzitsi kuti mtengo wa pichesi uja unagwa ndi mphepo chaka chatha, koma asaufufute.